Musawasiye okha atsikanawa: kalata yochokera ku Mayfair, Johannesburg

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zamaphunziro, Nduna yoona za amayi ndi ana, aphungu a Nyumba ya Malamulo, mafumu athu, komanso inu atsogoleri a mipingo, mizikiti ndi magulu a Amalawi kuno ku Joni,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu. Ine ndine mayi wosoka zovala ku Mayfair, mumzinda wa Johannesburg. Kwathu ndi ku Machinga. Kulembera anthu a maudindo ngati inu sindinakuzolowere, koma pali chimene ndinaona ndi maso angawa mu Novembala wa chaka chatha, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi.

Lamlungu lachiwiri la mwezi uliwonse timakumana m'galaja ya m'bale wina, ife a gulu lothandizana pa maliro. Timasonkha kuti mnzathu akatisiya asagone m'dziko la eni, thupi lake likwere galimoto, lidutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka likafike kumudzi. Tsiku limenelo titatha za maliro, msungichuma anatembenuza tsamba la kope lake n'kunena kuti pali nkhani yosangalatsa. Mnyamata wathu wina, wopenta nyumba, akupita kumudzi mu Disembala kukamanga banja, ndiye timugwire mkono. Mbale inayamba kuyenda. Ine ndinaponyamo R100. Mayi wina anafunsa kuti mkaziyo ndi wakuti, ndipo mnyamatayo anatulutsa foni, chithunzi n'kuyamba kuzungulira. Pachithunzipo panali kamtsikana ka yunifolomu ya sukulu, kataima pansi pa mtengo wa mango, makope katawakumbatira pachifuwa.

Tonse tinachiona chithunzicho, amayi ndi abambo, anthu a imvi zathu, ndipo mbale inapitiriza kuyenda.

Kumbuyo, pafupi ndi ketulo, panali mtsikana wa zaka 17, mwana wa mayi mnzathu wa m'gulu momwemo. Anabadwira kuno, amaphunzira Grade 11, ndipo anangobwera kudzatithandiza kugawa tiyi. Dzina lake sindilitchula. Foni itamudutsa pafupi, anaima nayo kanthawi, kenako anati, "Pepani makolo anga, mtsikanayu ali ndi zaka zingati?"

"Ndi wamkulu ameneyo, anavinidwa kale," anatero mnyamata uja.

"Achimwene, ali Fomu chani?"

"Fomu 1."

Makapu amene anali pathireyi anayamba kugundana, chifukwa manja ake ankanjenjemera. Anaika thireyiyo pansi. Bambo wina wachikulire anati, "Mwana iwe, pano pali akulu." Mayi ake anamukoka siketi kuti akhale chete. Apa m'pamene anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anagwada pasimenti paja monga mwana woleredwa bwino, manja pamodzi, koma pakamwa sanatseke. Anati lamulo la Malawi sililola munthu wosakwana zaka 18 kukwatiwa, ngakhale makolo atavomera. Anati ndalama zili m'mbalemo zikupita kukamutulutsa mnzake m'kalasi. Anati, "Akanakhala ine, mukanasonkhanso?" Misozi inali ikutsika, Chichewa chake n'chosakanikirana ndi Chizulu monga amayankhulira ana obadwira kuno, koma palibe amene sanamve.

M'galajamo munangoti zii. Ine ndinadzuka, ndinapita pambale paja, ndinatengamo R100 yanga. Amayi ena anayi anachitanso chimodzimodzi. Panabuka mkangano waukulu, ena anatuluka, ndipo mabanja awiri sanabwerenso kugulu mpaka lero. Mtsikana uja sanalekere pomwepo. Iye ndi anzake awiri anafufuza mudzi wake, anapeza nambala ya mayi wina wa Mother Group ya sukulu ya kumeneko, anatuma msuweni wawo wa ku Malawi kuti aimbe 116, nambala yaulere ija yothandiza ana. Data ankagula ndi ndalama zawo za chakudya cha kusukulu. Ukwati uja sunachitike, ndipo kamtsikana ka pansi pa mango kaja kali Fomu 2.

Olemekezeka, chimene chinandidzutsa pampando si nzeru zanga ayi. Ine ndinakwatiwa ndili ndi zaka 15, ndili Sitandade 7. Mwamuna anachokera kuno ku Joni komwe, atanyamula bulangete, wailesi ndi njinga. Amalume anavomera, amayi analira koma sanakane, chifukwa chaka chimenecho m'nkhokwe munalibe kanthu. Aphunzitsi anga anabwera kamodzi kudzafunsa, anapatsidwa mpando, anamwa thobwa, anabwerera. Masamu ndinkakhoza ine. Mpaka lero ndikamayeza nsalu ya kasitomala, ndimawerengera m'mutu mofulumira kuposa kakyuleta ya pafoni, ndipo nthawi zina ndimadzifunsa kuti mutu umenewu ukanafika pati. Pa tsiku langalo panalibe mwana aliyense wogwada pasimenti kundiyankhulira. Nditamuona mtsikana uja, ndinaona munthu amene ndinamudikira zaka zoposa makumi awiri.

Pambuyo pake ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, mtima umenewu unautenga kuti?" Anandionetsa pafoni pake mtsikana wa kwathu ku Malawi, Memory Banda, akuyankhula pamsonkhano wa TED mu 2015. Ine sindinkamudziwa, ndipo ndinachita manyazi kuti mwana wobadwira ku Johannesburg ndiye akundiphunzitsa za mwana wa ku Malawi. Memory anakana kupita kuchinamwali kumene atsikana ankauzidwa za kusasa fumbi. Mng'ono wake anapita, ndipo anatenga mimba ali ndi zaka 11. Ana awiri a bere limodzi, njira zawo n'kusiyana chonchi. Memory sanangopulumuka yekha n'kukhala chete. Anagwirizana ndi atsikana anzake kudzera m'bungwe la Girls Empowerment Network, anayamba kuphunzitsa anzake amene anasiya sukulu, anapita kwa mafumu, anafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukakakamira aphungu. Mu 2015 aphungu anavomereza lamulo la maukwati lokweza zaka zokwatira kufika 18. Panatsala kabowo m'malamulo aakulu a dziko, kolola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inakatseka. Mawu amene mtsikana wa ku Mayfair ananena atagwada, akuti "ngakhale makolo atavomera", anachita kumenyedwera nkhondo, ndipo ena mwa omenya nkhondoyo anali asanakwanitse n'komwe zaka zoponya voti.

Anandiuzanso za Malala Yousafzai wa ku Pakistan. Iyeyu dzina ndinkalimva, koma nkhani yake yonse ndinaimvera kwa mwanayu. Ali ndi zaka 11 ankalemba pa BBC, pogwiritsa ntchito dzina lobisika, za mmene a Taliban ankatsekera sukulu za atsikana kuchigwa cha Swat. Pa 9 Okutobala 2012 munthu wa mfuti anakwera basi ya ana asukulu n'kumuwombera m'mutu. Anachira ku Birmingham, anabwerera m'kalasi, mu 2014 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel ali ndi zaka 17, ndipo mu 2020 anamaliza maphunziro ake ku Oxford. Pa 5 Disembala 2023 anali konkuno, ku Braamfontein, mtunda wa takisi imodzi kuchokera pamene ndimasokera, kudzayankhula pamwambo wa chaka ndi chaka wokumbukira Nelson Mandela. Anadzayankhulira atsikana a ku Afghanistan, amene chilowereni a Taliban m'boma mu 2021 saloledwa kupitirira kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo kuyambira Disembala 2022 akazi saloledwanso ku yunivesite. Anasankha kunena zimenezi m'dziko limene likudziwa bwino kuwawa kwa tsankho lolembedwa m'malamulo.

Mzinda unowu uli ndi chipsera chake. Amene munafikako ku Orlando West, ku Soweto, munaona chithunzi cha pa 16 Juni 1976: Hector Pieterson atanyamulidwa, magazi ali chuchuchu, mchemwali wake akuthamanga pambali atavala yunifolomu, dzanja lili m'mwamba. Anali ana asukulu okana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans. Tsiku la Mwana wa mu Africa limene inu mumakumbukira chaka chilichonse pa 16 Juni linachokera pamenepo. Nthawi yoyamba imene ndinaima pachithunzi chija, maso anga anakakamira pa mtsikanayo, pa nsapato zake za sukulu.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Atsikanawa ululu anaumva, chitseko anatsekula. Ndimawasilira ndi mtima wanga wonse, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanasoka mayina awo pa chitenje kuti mayi aliyense wa ku Malawi azichivala. Koma kusilira kwangaku kumabwera ndi funso limene limandisowetsa tulo. N'chifukwa chiyani zinatengera mwana wa zaka 17 kuti anene zimene akuluakulu oposa makumi atatu tinaziona tonse? Ndipo inu a maudindo, mwana akagwada n'kunena zoona, mumamulandira bwanji?

Ndimaona pa Facebook mukuwaitana ku misonkhano, pa 16 Juni kapena pa 11 Okutobala, Tsiku la Mtsikana. Amalakatula ndakatulo, mumawomba m'manja, mumajambulitsa nawo, amalandira tisheti. Kuwalemekeza koteroko n'kwabwino ndithu. Koma madzulo ake mwanayo amabwerera kumudzi komwe kuli amalume amene anawanena, mfumu imene inalandira nkhuku pa ukwati umene iye anauletsa, ndi mnyamata wokwiya amene anataya ndalama zake. Mtsikana wathu wa kuno anatukwanidwa pa WhatsApp milungu ingapo, anatchedwa wamwano, wosavinidwa, woonongeka ndi za ku Joni. Mayi ake anasiya kupatsidwa moni ndi anthu amene ankadya nawo mbale imodzi. Iyeyo ali mumzinda waukulu, akhoza kusowa m'chigulu cha anthu. Nanga wa ku Ntaja kapena ku Namwera, amene chitsime chake n'chimodzi ndi cha anthu amene wawakwiyitsa? Pempho langa loyamba ndi limeneli: mwana akaulula ukwati wa mnzake, pakhale wamkulu wodziwika, wa boma, woti ayime naye mpaka nkhaniyo ithe. Apolisi a Victim Support Unit ndi alangizi oteteza ana akhale ndi mafuta a njinga yamoto oti afikire mudziwo tsiku lomwelo, asadikire kuti mwana wa Fomu 2 awalipirire thiransipoti.

Malamulo abwino tili nawo kale. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994. Ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu ilipo kuyambira 1993. Komabe kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 42 mwa 100 alionse ankakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo aliyense wa ife anaona zimene zinachitika sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu 2020, mabenchi a atsikana atatsala opanda eni. Lamulo lili ku Lilongwe, koma mtsikana ali kumudzi, ndipo pakati pa awiriwa pali mtunda wautali.

Mtundawo ndiuone ndi mwana wa mchemwali wanga. Anasankhidwira ku CDSS imene ili kutali moti kuyenda wapansi n'kosatheka tsiku ndi tsiku, makamaka mitsinje ikadzaza. Anachita zimene ambiri amachita, kuchita lendi kachipinda pa tauni yapafupi ndi anzake atatu, zomwe amati selofu. Chitseko chake ankachitseka ndi msomali wopinda. Ufa ukatha pakati pa mwezi, anthu oyamba kudziwa anali anyamata a kabaza ndi mavenda a pamsika. Mwa atsikana anayi aja, amene analemba mayeso a MSCE ndi awiri. Wathuyo anafika chifukwa ndinkamutumizira kangachepe pa Mukuru mwezi uliwonse, ngakhale miyezi imene makina anga ankangokhala osasoka. Anzake aja analibe azakhali ku Joni. Olemekezeka Nduna, ngakhale fizi itachotsedwa yonse, mtsikana wogona kuseri kwa bala sangamalize sukulu. Timangireni mahositelo pa ma CDSS, okhala ndi mpanda, matroni, madzi ndi zimbudzi zotsekeka. Aphungu, mukamagawa ndalama za chitukuko cha m'madera mwanu, yambani mwakaona kumene atsikana a selofu amagona, mupite usiku, musatumize munthu.

Za wobereka kubwerera m'kalasi, pepala limalola, koma pakhomo la sukulu pamaima manyazi. Mwana amabwerera, anzake n'kumamuitana kuti "make mwana", mphunzitsi wina n'kumuchitira chitsanzo pamaso pa kalasi, pakatha milungu itatu osaonekanso. Amayi a Mother Group ndi amene amayenda khomo ndi khomo kuwatenga anawa, amasoka mapadi ochapa, amalera makanda kuti mayi wamng'onoyo alembe mayeso, ndipo zonsezi amachita ndi ndalama za m'thumba mwawo. Apatseni kanthu kogwirira ntchito. Amayi amenewa ndi amene anayankha foni ya atsikana athu a ku Mayfair.

Kwa inu mafumu, ndikugwada. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa dziko lonse kuti mfumu ikhoza kuthetsa maukwati a ana mazanamazana, kubweza anawo kusukulu, ndi kuimitsa paudindo nyakwawa zolekerera. Sinadikire kuti mwana ayambe walira. Ukwati suchitika mobisa pamudzi. Ankhoswe amadziwika, nkhuku imaphedwa, ng'oma imamveka. Ngati mfumu sinamve, ndiye kuti yasankha kusamva. Ndipo poti bodza lalikulu limakhala pa zaka, akuti "ndi wamkulu, thupi lake ndi laling'ono chabe", limbikirani kuti mwana aliyense alembetsedwe akangobadwa, ndipo shehe kapena m'busa asadalitse ukwati asanaone chiphaso.

Tsopano ndiyankhule ndi ife tomwe, a ku Joni, chifukwa mlandu wina ndi wathu. Disembala akayandikira, ku Park Station ndi m'malo onse okwerera mabasi a ku Malawi mumadzaza katundu: matilesi, ma sola, mafoni, masipika. Ndi thukuta lathu, ndipo palibe cholakwa kupita nalo kwathu. Koma tonse tikudziwa kuti ina mwa mafoni amenewa ikupita kukakola ana a sukulu ku Mangochi, ku Machinga, ku Mzimba, ku Nkhata Bay. Mnyamata amakwatira mu Disembala, mu Januwale wabwerera, mtsikana watsala ndi mimba pakhomo pa apongozi, kudikira foni imene mwina idzasiya kulira. Anyamata a kumudzi nawonso amaona zimenezi n'kunena kuti sukulu n'kutaya nthawi, bola pasipoti. Inu abusa, mashehe ndi macheyamani a magulu athu ku Mayfair, Fordsburg, Yeoville, Diepsloot ndi Cosmo City, nenani poyera mu Okutobala ndi Novembala, anthu asanakwere mabasi, kuti gulu silidzasonkhera ukwati wa mwana wa sukulu. Lembani m'malamulo a gulu, pafupi ndi lamulo la chopereka cha maliro. Ife tinalemba titakangana, ndipo amene analemba ndi dzanja lake m'kope la msungichuma ndi mtsikana uja.

Palinso ana athu aakazi amene ali konkuno. Malamulo aakulu a South Africa, gawo 29, amati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, ndipo mu Disembala 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Makhanda linagamula kuti mwana asabwezedwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala. Amayi ambiri a kwathu sadziwa zimenezi. Ena amadziwa koma amaopa kuti akapita kukalembetsa mwana, iwowo ndi amene agwidwe. Zotsatira zake n'zakuti mtsikana wa zaka khumi amatsala m'chipinda kulera ang'ono ake amayi ali kuntchito, ndipo akafika zaka 14 amayamba maganyu ochapa. Amene wakwanitsa kufika matric, kalasi yomaliza ya sekondale kuno, amakakumana ndi khoma pofuna koleji, chifukwa kumeneko pamafunika pasipoti ndi chilolezo. Tikupempha akazembe athu ku Pretoria ndi ofesi yathu ya kuno ku Johannesburg kuti azitulukira kumene tili, Loweruka kapena Lamlungu pamene mabwana amatimasula, adzalembetse ana obadwira kuno ndi kutifotokozera m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka zimene lamulo la dziko lino limatilola. Atsikana atatu aja ayamba kale kuchita zimenezi paokha. Amaperekeza amayi amantha ku ofesi ya sukulu, amawamasulira Chingerezi, amawadzazira mafomu a pa intaneti. Ntchito imeneyi ndi ya akuluakulu olipidwa, koma akuigwira ndi ana amene mawa lake ali ndi mayeso.

Mukamakonza ndondomeko za maphunziro a atsikana, aitaneni akhale nawo patebulo pamene mukugawa ndalama, osati pa nsanja ya ndakatulo yokha. Amadziwa chimene chimachotsa mnzawo m'kalasi kuposa lipoti lililonse. Mukawafunsa adzakuuzani za msomali wopinda uja, za mphunzitsi amene aliyense amamudziwa koma amangosamutsidwa, za masiku a mwezi amene amajomba chifukwa chimbudzi chilibe chitseko.

Mtsikana wathu uja akulemba matric chaka chino, ndipo akufuna kudzaphunzira zamalamulo. Mapepala ake sanalongosoke. Ndamusokera diresi ya tsiku lotsanzikana kusukulu, ya chitenje cha kwathu, ndipo ndakana kulandira ndalama kwa mayi ake. Sabata yoyamba ya Disembala iye ndi anzake akufuna kukaima pamene pamakwerera mabasi a ku Blantyre ndi Lilongwe ndi timapepala tolembapo zaka 18 ndi nambala ya 116. Ine ndidzatseka shopu tsiku limenelo kuti ndikaime nawo, ndipo amayi anayi aja avomera kubwera. Tikupempha kuti pakati pa inu amene mwawerenga kalatayi, wina wa udindo adzabwere kudzaima nafe.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wosoka zovala, Mayfair, Johannesburg